Ekisireyi sinaonetse kanthu, tsopano akuti ultrasound: kodi tilipire CT kapena MRI?

Mayi wina wa ku Mabvuku, mumzinda wa Harare, watilembera motere: "Adokotala, ndimakhala ndi amayi anga a zaka 63. Kwa miyezi inayi tsopano akumamva ululu pansi pa nthiti chakumanja, makamaka akadya nyama yonona kapena zokazinga, ndipo ululuwo umakafika kumsana mpaka paphewa. Anajambulidwa ekisireyi, akuti sinaonetse kanthu. Pano dokotala walemba kalata yoti akaunikidwe ndi ultrasound. Mlongo wanga wa ku Johannesburg akuti tisataye nthawi, atumiza ndalama kuti tikalipire CT kapena MRI chifukwa ndi zimene zimaona zonse. Azakhali akuti makina amenewa amaumitsa magazi, moti amayi atajambulidwa anawamwetsa mkaka kuti uchotse poizoni. Amayi ayamba kuopa. Titani?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mukawapatse moni amayi. Khazikani mtima pansi. Dokotala amene walemba kalatayo sanakupeputseni, komanso sanakusankhireni sikani yotsika mtengo pokuonani ngati osowa. Ndakhala zaka zambiri kuno ku Harare ndikuunika odwala ndi kuwerenga zithunzi za m'thupi, ndipo pa ululu umene mwafotokozawu, munthu atabwera ndi chikwama chodzaza madola ndingamutumizebe ku ultrasound komweko. Sindingatchule matenda a amayi ndisanawagwire pamimba, koma ululu wa pansi pa nthiti chakumanja, wobwera akadya za mafuta n'kuthamangira kuphewa, kwa mayi wa msinkhu umenewu, umatiganizitsa miyala ya mu ndulu tisanaganize china chilichonse.

Ndulu mukuidziwa. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amakumbukira kathumba kobiriwira komamatira kuchiwindi, kamene timachotsa mosamala kuopa kuti kangaphulike n'kuwawitsa ndiwo yonse. Nafenso tili nako. Ntchito yake ndi kusunga madzi owawa amene chiwindi chimapanga, ndipo munthu akadya mafuta kathumbako kamadzifinya kuti madziwo atsikire m'matumbo kukathandiza kugaya. Mukakhala miyala m'menemo, pofinyapo mwala umatha kukatseka pakhomo, ndiye ululu umene amayi akumvawo. Ukasuntha mwalawo ululu umatha, munthu n'kumayenda ngati sanadwalepo.

Nanga ekisireyi inalephera bwanji kuona miyala? Ekisireyi ndi chithunzi cha mthunzi. Wilhelm Röntgen atatulukira cheza chimenechi mu 1895 mumzinda wa Würzburg ku Germany, chithunzi chimene chinadabwitsa dziko chinali cha dzanja la mkazi wake: mafupa ndi mphete zikuoneka, mnofu uli mbuu. Mpaka lero mfundo yake ndi yomweyo. Chinthu cholimba ngati fupa chimatchinga cheza n'kutuluka choyera, mpweya umalola cheza kudutsa n'kutuluka wakuda, koma chiwindi, ndulu, matumbo ndi minofu zonse zimatuluka zotuwa, zosiyana pang'ono pokha. Miyala yambiri ya mu ndulu si miyala ngati ya kudambo. Imapangidwa ndi mafuta otchedwa cholesterol, ndipo cheza chimaidutsa ngati mnofu. Pa miyala 100 ya mu ndulu, yooneka pa ekisireyi ndi pakati pa 10 ndi 20 basi. Choncho akanena kuti ekisireyi sinaonetse kanthu, sakunena kuti mulibe kanthu.

Musaganize kuti ndalama ya ekisireyi ija inapita pachabe. Ngati inali ya pachifuwa, yathandiza kuchotsa chibayo cha m'munsi mwa phapo lakumanja, chimene nachonso chimapweteka pamalo omwewo. Pa chifuwa ndi mafupa, ekisireyi ndiyo timayambira mpaka pano: fupa lothyoka, chibayo, madzi m'mapapo, mtima wotupa, zizindikiro za chifuwa chachikulu, ngakhale kuti pa TB chomaliza ndi kuyeza makhololo. Ndipatuke pang'ono chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Ambiri a ife makolo athu anabwera kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo pali madala amene akutsokomola ndi kubanika lero chifukwa cha fumbi la miyala limene anapuma zaka 30 kapena 40 zapitazo. Matenda amenewa, silicosis, amaoneka pa ekisireyi wamba, ndipo amamuika munthu pachiopsezo chachikulu cha TB. Ngati pakhomo panu pali agogo amene anagwirapo pansi pa mgodi, auzeni madokotala za mgodiwo ngakhale asanafunse.

Tibwerere kwa amayi. Ultrasound ilibe cheza ngakhale pang'ono. Imagwira ntchito ndi phokoso lokwera kwambiri moti khutu silingamve, monga amachitira mleme pouluka mumdima: umalira, kulirako kumagunda chinthu n'kubwerera, iwo n'kudziwa pamene pali khoma. Ndi sikani yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Dokotala wa ku Glasgow, Ian Donald, ndi anzake anasindikiza zotsatira zake zoyamba pa zotupa za m'mimba mu 1958, ndipo kuyambira pamenepo yaunika amayi ndi makanda osawerengeka. Phokosoli limadutsa bwino m'madzi, ndipo ndulu ndi thumba la madzi. N'chifukwa chake pa ndulu palibe makina oyambira oposa amenewa.

Ndikuuzeni zimene amayi akakumane nazo kuti asakachite mantha. Akagona chagada pabedi m'chipinda cha mdima pang'ono, n'kukweza bulauzi. Woyeza akawapaka mafuta oterera, ozizira, pamimba, ndipo ambiri amadzidzimuka ndi kuzizirako kokha. Kenako akatenga kachida kokwana m'dzanja n'kumakayendetsa m'munsi mwa nthiti uku akuyang'ana pa kompyuta. Akawauza kuti, "Kokerani mpweya m'kati, gwirani pomwepo," chifukwa mapapo akadzaza amakankhira chiwindi ndi ndulu pansi pomwe tingazione. Pagalasi ndulu imaoneka ngati peyala lakuda bii. Mwala ukakhalamo umawala mbee, ndipo kumbuyo kwake kumagwa mthunzi wautali wakuda chifukwa phokoso silinaudutse. Ndiye timati, "Agogo, tembenukirani kumanzere," ndipo miyala ija imagubuduka kutsikira pansi tikuona. Ndimakonda kutembenuza galasi kuti wodwala aone yekha, chifukwa munthu amene wakhala miyezi akuuzidwa kuti palibe chikuoneka, ena mpaka kumamunena kuti walodzedwa, nkhope yake imamasuka akaona chimene chikumupweteka. Zonsezi zimatenga mphindi 15 mpaka 30, popanda jakisoni. Woyeza akadinikiza pandulu penipeni n'kufunsa ngati pakupweteka, amayi anene zoona, asalimbe mtima mwaulemu monga amachitira akuluakulu athu, chifukwa yankho limenelo ndi mbali ya kuyezako.

Chimene chimabweza anthu ambiri pakhomo pathu ndi chakudya. Amayi asadye kanthu kwa maola osachepera 6 asanaunikidwe. Madzi oyera angamwe pang'ono, koma tiyi wa mkaka, phala, buledi wa majarini, mahewu, ayi. Akadya, ndulu imadzifinya n'kukhala kanthu kakang'ono kofota, ndipo sitiona bwino m'kati mwake. Ndaonapo anthu atakwera makombi awiri kuchokera kutali, mwana wachifundo n'kuwagulira agogo banzi ndi tiyi pamzere, ulendo wonse n'kuwonongeka. Pemphani nthawi ya m'mawa kuti kusalako kuthere kutulo. Ngati amayi ali ndi matenda a shuga, funsani polembetsa kuti mankhwala awo amwe bwanji tsikulo, ndipo nyamulani chakudya choti akadye akangotuluka. Ngati kalatayo yanenanso za chiberekero kapena chikhodzodzo, akakuuzani kuti amwe madzi ambiri ndi kusunga mkodzo.

Woyeza sayang'ana ndulu yokha. Amaona chiwindi chonse, njira za ndulu, impso, kapamba. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika, chifukwa likodzo la m'matumbo ndi kachilombo ka hepatitis B zimawononga chiwindi mwakachetechete kwa zaka zambiri. Komabe ultrasound ili ndi malire ake. Phokoso silidutsa mpweya kapena fupa, choncho m'kati mwa chifu, m'matumbo ndi m'mapapo siona bwino, ndipo kwa munthu wonenepa kwambiri chithunzi chimachepa mphamvu. Chinanso, ubwino wa sikaniyi uli m'manja ndi m'maso mwa woyezayo. Pitani kumene dokotala wanu akukudalira, kumene akakupatseni lipoti lolembedwa ndi kusainidwa, osangoti zithunzi zokha.

Tsopano za alongo anu. Mtima wawo ndi wabwino, ndipo munthu amene ali kutali amafuna kuchitapo chachikulu kuti asamve ngati wawataya amayi ake. Koma maganizo akuti makina odula amaona zonse ndi amene amadyera mabanja ambiri ndalama. Makina aliwonse amayankha funso lake. CT ndi ekisireyi yomweyo, kungoti imazungulira thupi ndipo kompyuta imasonkhanitsa zithunzizo n'kutionetsa munthu m'magawo opyapyala ngati buledi woduladula. Mmodzi mwa amene anakonza masamu ake ndi munthu wa kuno kummwera, Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg komwe kuli alongo anuko, amene anayamba kuganizira nkhaniyi akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Godfrey Hounsfield wa ku England ndiye anapanga makinawo, wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. Munthu akavulala m'mutu pa ngozi ya pamsewu, CT imationetsa m'mphindi zochepa ngati magazi akukha m'bongo. Wina akafa ziwalo mwadzidzidzi, CT imasiyanitsa mtsempha wophulika ndi wotsekeka, zimene thandizo lake ndi losiyana kotheratu. Pa miyala ya mu impso, pa kuona pamene khansa yafika, pa mimba yopweteka mwadzidzidzi yosadziwika mutu wake, CT ndi mfumu. Koma pa miyala ya mu ndulu imagonja kwa ultrasound. Miyala ina imatchinga cheza mofanana ndendende ndi madzi a ndulu amene yakhalamo, ndiye pa CT imasowa. Mukhoza kulipira ndalama zochuluka kangapo, n'kubwerako ndi lipoti loti zonse zili bwino, miyala ili phee m'katimo.

CT ya m'mimba kawirikawiri imafunanso mankhwala a iodine obaya mumtsempha kuti ziwalo zioneke bwino. Akamalowa munthu amamva kutentha thupi lonse, m'kamwa kukoma ngati chitsulo, ndipo ambiri amaganiza kuti adzikodzera pomwe sanatero. Zimatha msangamsanga. Koma mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, n'chifukwa chake kwa okalamba, a shuga ndi a BP timayamba tayeza magazi kuona mphamvu ya impso, ndipo timafunsa ngati munthu amamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, ngati ali ndi mphumu, kapena ngati anatupapo ndi kutuluka zidzolo atabayidwa mankhwala otere. Si chinthu chongochita chifukwa ndalama yapezeka.

MRI ilibe cheza. Ndi maginito aakulu zedi, ndipo ambiri m'zipatala ndi a mphamvu ya 1.5 tesla, kuposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi maulendo pafupifupi 30,000. Pa ubongo, mtsempha wa mumsana, mawondo ndi minofu palibe yoiposa. Munthu amagona m'mphako yopapatiza kwa theka la ola kapena kupitirira, osagwedezeka, makina akugogoda ngati chigayo, moti timamutseka m'makutu. Maginitowo sazimitsidwa ngakhale usiku, ndipo amakoka chitsulo chilichonse. Tisanalowetse munthu timafunsa za batire la mtima, zitsulo za opaleshoni, zipolopolo, ndi tizidutswa ta chitsulo m'maso mwa anthu amene anagwirapo ntchito yowotcherera kapena yosula. Pamenepa ndimawauzanso odwala anga mwaulemu kuti ngati avala mikanda, chithumwa kapena chingwe m'chiuno, angonena. Palibe amene akawaseke. Pa ekisireyi zimaphimba chithunzi, ndipo pa MRI, ngati muli kachitsulo, zikhoza kuvulaza. Kwa amayi anu MRI ingabwere pambuyo, ngati ultrasound ndi magazi zitasonyeza kuti mwala watuluka mu ndulu n'kukakamira m'njira yopita kumatumbo. Pamenepo pali mtundu wa MRI wotchedwa MRCP umene umajambula njirazo bwino kwambiri. Dokotala ndiye adzanene.

Za azakhali, musakangane nawo, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Ndikuganiza kuti ambiri amasokoneza kujambula ndi kuwotcha khansa, thandizo limene kuno limaperekedwa ku chipatala cha Parirenyatwa. Kumeneko cheza chimakhala chochuluka maulendo masauzande, cholunjikitsidwa dala pachotupa kuti chife, ndipo wodwala amatha kufooka ndi kuda khungu pamalopo. Amene anasamalirapo m'bale wotero sangaiwale. Kujambula ndi nkhani ina. Ekisireyi siumitsa magazi, ndipo cheza sichitsala m'thupi: makina akazima chatha, monga kuwala kumathera mukazimitsa tochi. Palibe poizoni woti mkaka ukachotse. Tonsefe timalandira cheza tsiku lililonse kuchokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya ndi kumwamba, ndipo pa dziko lonse munthu amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka (mSv ndi muyeso wa cheza). Ekisireyi imodzi ya pachifuwa ndi 0.1 mSv kapena kucheperapo, chimodzimodzi cheza cha masabata awiri a moyo wamba. CT ya m'mutu ili cha m'ma 2 mSv, pamene CT ya m'mimba imafika 8 mpaka 10 mSv, ngati cheza cha zaka zitatu kapena zinayi kulandira nthawi imodzi. Chiopsezo choti chingadzayambitse khansa patsogolo n'chaching'ono, makamaka kwa wachikulire, koma si ziro, ndipo chimakula kwa ana ndi kwa munthu wojambulidwa mobwerezabwereza. Pamene CT ikufunika, phindu lake limaposa chiopsezocho kutalitali, ndipo sindizengereza kuilemba. Pamene sikufunika, munthu walandira cheza pachabe n'kulipiranso.

Odwala amandifunsa kuti, ngati n'zosaopsa, bwanji inu mumathawira kuseri kwa khoma? Wodwala amajambulidwa kamodzi, pomwe wojambula amakhala m'chipindamo tsiku ndi tsiku kwa zaka. N'chifukwa chake makoma ndi magalasi ake amakhala ndi mtovu, ndipo ogwira ntchito amavala kabaji koyeza cheza chimene alandira. M'dziko muno bungwe la Radiation Protection Authority of Zimbabwe ndi limene limapereka ziphaso kwa malo okhala ndi makina otere. Inuyo mayi, ngati muli oyembekezera kapena mukukayikira, nenani musanalowe m'chipinda cha ekisireyi kapena CT, ngakhale mwangoperekeza.

Alongo anu auzeni kuti ndalamazo asunge, zidzafunika. Dokotala mwina adzafuna kuyeza magazi a chiwindi. Miyala ikapezeka ndipo ndiyo ikupweteka, thandizo lokhazikika ndi opaleshoni yochotsa ndulu yonse, nthawi zambiri kudzera pa timabowo ting'onoting'ono pamene zipangizo zilipo. Munthu amakhala bwinobwino wopanda ndulu, chifukwa chiwindi chimapitiriza kupanga madzi aja n'kumatsikira okha m'matumbo. Zakumwa zimene amatsatsa pa WhatsApp zoti zimasungunula kapena kutsuka miyala musatayirepo ndalama. Podikira, amayi achepetse zonona ndi zokazinga, adye nsima yawo ndi masamba, nyemba, nsomba yowiritsa. Ultrasound ikapanda kupeza kanthu, si mapeto. Zilonda za m'mimba zimapweteka chapafupi pomwepo, ndipo zimaoneka ndi kamera yolowetsa kukhosi, osati ndi sikani. Kwa mayi wachikulire, makamaka wa shuga kapena BP, mtima nawo umatha kupweteka ngati m'mimba, choncho musadabwe akapempha ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima. Ngati amayi akuwonda popanda chifukwa kapena chilakolako cha chakudya chatha, muuzeni dokotala, chifukwa pamenepo CT ingakhale yoyenera ndithu.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku la sikani. Ululu ukapitirira maola 6 osaleka, thupi likatentha ndi kunjenjemera, maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi ndipo chimbudzi n'kuyera, akamasanza osaleka, mimba ikauma gwa, kapena akayamba kusokonezeka mutu, tengani galimoto nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Pitani ku chipatala chachikulu kolandirira odwala mwadzidzidzi, kaya ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe kumene ambiri timangoti ku Gomo. Njira ya ndulu ikatsekeka n'kulowa tizilombo, munthu wokalamba amafooka m'maola ochepa. Chimodzimodzi ululu ukabwera ndi thukuta, kubanika kapena kulemera pachifuwa.

Tsiku la sikani mupite nawo inuyo. Nyamulani kalata ya dokotala, ekisireyi ija ndi lipoti lake, makadi akale a kukiliniki, ndi mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe, m'mapaketi mwake. Ngati muli pa medical aid, imbani kaye mumve ngati pakufunika chilolezo. Akuluakulu athu ambiri amamva Chishona bwinobwino pamsika ndi kutchalitchi, koma akagona pabedi la kuchipatala ali ndi mantha, ululu amaufotokoza bwino m'chinenero cha kwawo. Pemphani kuti mulowe nawo muziwamasulira, ndipo woyeza akati gwirani mpweya, muwauze m'Chichewa. Safunsa anadya phula, choncho musanachoke funsani kuti lipoti lituluka liti ndipo mukalitenga kuti. Mukalilandira lijambuleni pafoni, mutumizireko alongo anu kuti nawonso mtima ukhale m'malo, koma pepala lenilenilo mubwerere nalo kwa dokotala amene analemba kalata uja, chifukwa iyeyo ndiye anawagwira amayi pamimba ndipo akaliwerenga pamodzi ndi zimene anapeza.